Kalabu ya osambira ingachitenji kuposa kutola zinyalala?

Mayi wina, mlembi wa kalabu ya osambira, wanditumizira imelo. Akuti chaka chilichonse amatola zinyalala m'mbali mwa mtsinje womwe amasambiramo nthawi yotentha, koma sabata isanathe mabotolo amakhala atadzazanso. Akufunsa ngati pali china choti achite.

Mayi, tolani ndithu, musaleke. Kungoti botolo lapulasitiki silinatsegulitsepo munthu m'mimba. Zomwe zimadwalitsa osambira sizioneka ndi maso.

Ngati muli ndi dziwe lanu losambiramo, yambirani pomwepo. Fungo lija timati ndi la klorini limatuluka klorini akasakanikirana ndi thukuta komanso mkodzo, ndipo n'zomwezonso zimafiiritsa maso. Choncho dziwe lonunkha kwambiri mankhwala ndiye lakuda. Lamulo likhale lakuti aliyense asambe asanasambire, ana ayambe apita kuchimbudzi. Akuluakulu ena adzanyinyirika, ati mukuwayesa ana, koma klorini mudzathira wochepa ndipo madzi adzakhalitsa. Usiku muzivundikira dziwelo kuti madzi asamaphwe msanga. Madzi otsukira sefa musamatayire mumtsinje, chifukwa klorini, ngakhale wochepa, amapha nsomba.

Za mtsinje ndiye nkhani yaikulu, ndipo mdani wake ndi zonyansa za m'zimbudzi. Mvula ikagwa yambiri, mipope ya zonyansa imasefukira ndipo zonse zimathera m'madzi. Ku Paris analetsa kusambira mumtsinje wa Seine mu 1923. Pofuna kuuyeretsa anawononga ndalama pafupifupi ma euro 1.4 biliyoni, komabe pa masewera a Olimpiki a 2024 mpikisano wa amuna wa triathlon (kusambira mumtsinjewo, kupalasa njinga ndi kuthamanga) unachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa mvula inachulukitsa tizilombo m'madzimo. Anthu wamba analoledwa kusambiramo mu Julaye 2025.

Kalabu yanu ilibe ndalama zotero, ndikudziwa. Koma taonani a m'tauni ya Ilkley ku England. Iwo ankawerenga anthu obwera kudzasambira mumtsinje wa Wharfe, n'kumayezetsa madzi, mpaka mu 2020 boma linavomereza kuti malowo ndi osambirapo, koyamba kuti mtsinje uvomerezedwe chotero m'dzikolo. Madzi sanayere tsiku lomwelo ayi, koma kuyambira pamenepo boma linakakamizika kumawayeza ndi kulengeza zotsatira.

Inu mumalowa m'madzimo kawirikawiri kuposa aliyense wa ku ofesi. Gulani kope. Muzilemba tsiku, ngati kunagwa mvula, maonekedwe ndi fungo la madzi, chiwerengero cha osambira, ndi angati adwala m'mimba kapena m'makutu pambuyo pake. Mukapita kwa akuluakulu oona za madzi ndi mawu okha akuti "mtsinje wada", adzakugwedezerani mutu n'kukuperekezani pakhomo. Kope la miyezi isanu ndi umodzi ndi lovuta kulikana.

Pakadali pano, mvula yamphamvu ikagwa, ana aja asalowe mumtsinje mpaka patadutsa masiku awiri.