Funsani Ankolo: Mowa wosawawa ndi uti kwa ine wongoyamba kumene?

FUNSO: Ankolo, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndangoyamba ntchito ku Limbe. Lachisanu tikaweruka anzanga amakonda kukakhala ku Kamba, ine ndimangogwira Fanta. Tsiku lina anandigulira Special koma eee kuwawa kwake, ndinalephera kumaliza botolo. Kodi ulipo mowa wofewa pakhosi womwe munthu angayambire? Ndine Wongoyamba, Chilomoni.

YANKHO: Mphwanga, anzakowo anakuyambitsa pamwamba. Special ndi mowa wamphamvu kuposa Green, ndiye pakamwa pomwe panazolowera Fanta sipangaulandire tsiku loyamba, palibe chachilendo pamenepo.

Choyamba udziwe chomwe chimawawacho. Mowa wa m'botolo amafulula ndi chimera cha balere, chonga chimera chija amayi amathira mu thobwa, ndipo chimeracho pachokha chimatsekemera. Kuwawa kumachokera ku timaluwa tina totchedwa hops tomwe amawiritsa limodzi ndi madzi a chimera aja, akathira tambiri kapena kuwiritsa nthawi yaitali mowa umawawa kwambiri, akathira tochepa umafewa. Stout yakuda ija ili ndi kuwawa kwinanso kochokera ku chimera chokazinga mpaka kuda, ndiye imeneyo isiye kaye, udzaipeza patsogolo.

Ine ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi Kuche Kuche. Ndi mowa wathu womwewu, wopepuka, mphamvu yake siifika ndi 4 peresenti yomwe, ndipo ukaupeza wozizira bwino umatsika osakanda pakhosi. Ena amaunyoza kuti ndi madzi koma kwa iwe madzi amenewo ndi amene ukufuna, usachite nawo manyazi pagulu. Chill nayo ndi yofewa, ambiri amene sakonda kuwawa amathawira kumeneko. Green ibwere pambuyo pake, ili ndi kakuwawa kake komwe kamatsalira pa lilime koma si koopsa ayi, ndipo ndi mowa womwe Blantyre anakula nawo, paja fakitale ya Carlsberg ku Makata inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark, kampani ya Castel inadzaitenga mu 2016.

Koma nkhani yaikulu yomwe anthu sakuuza ndi kazizidwe. Mowa womwewo, botolo lomwelo, ukakhala wofunda umawawa kuposa ukakhala wozizira chifukwa kuzizira kumabisa kuwawa pa lilime. Ndiye masiku magetsi avuta, usangolandira botolo, ligwire kaye m'manja, ngati silikuchita thukuta uza wogulitsa akusakire la pansi pa filiji. Komanso ukaona makileti aunjikidwa panja padzuwa tsiku lonse, samala, kuwala kwa dzuwa kumadutsa m'botolo lobiriwira n'kuononga hops uja ndipo mowa umatuluka ndi fungo loipa, munthu wongoyamba akakumana ndi botolo lotero amaganiza kuti mowa wonse ndi choncho. Pempha tambula, thira mopendeketsa, mpweya wina utuluke kuti usakutupitse mimba, ndipo usamausunge mkamwa ngati ukulawa ndiwo, meza pang'onopang'ono. Ukagula kanyenya kapena tchipisi pambali zimathandiza kwambiri, mchere ndi mafuta zimapha kuwawa komanso mowa sukuthamangira kumutu ngati m'mimba muli kanthu.

Ikakhala kuti Kuche Kuche nayo yakukanika, sakaniza theka mowa theka Sprite mu tambula, imeneyo ndi shandy, ndipo tsiku lina uchepetse Sprite mpaka pakamwa pazolowere.

Tsono pali gulu lina lomwe anzako akuuza ndithu, ma cider monga Savanna ndi Hunter's ochokera ku South Africa. Amenewa amapangidwa ndi maapozi, mulibe hops ndiye sawawa, koma apa ndi pomwe ndimada nkhawa ndi achinyamata ngati iwe chifukwa kutsekemerako kumanamiza, umangomwa ngati juwisi osadziwa kuti Savanna Dry ndi yamphamvu kuposa Green, pofika botolo lachitatu miyendo yayamba kukana ndipo mawa lake matsire ake si masewera. Tembenuza botolo uwerenge peresenti yolembedwa pa chizindikiro usanatsegule, chizolowezi chimenecho uyambe nacho lero. Chibuku nacho sichiwawa, chimawawasa, ndi cha chimanga ndipo chimapitiriza kusasa chili mu paketi momwemo, chatsopano n'chofewa koma chikagonera chimaluma ndiponso mphamvu imakwera. Za kachasu ndi timabotolo totchipa tija ndisanene zambiri, usayandikireko.

China ndikuuze ngati mwana wa mlongo wanga. M'kalata yako sindinamve kuti ukuufuna mowawo kapena ukungotopa ndi kusekedwa chifukwa cha Fanta. Ngati ndi zachiwirizo, Fanta yako ilibe mlandu, amene akukukakamiza si amene adzakulipirire lendi ndalama zikathera pa kauntala. Ngati ukufunadi kulawa, botolo limodzi kapena awiri akwana pa tsiku loyamba, madzi akumwa pakati, ndipo dongosolo la maraundi ulikane poyambirira pomwe chifukwa gulu la anthu asanu limakumwetsa mabotolo asanu usanazindikire. Ukakhala pa mankhwala alionse funsa kaye kuchipatala, ndipo ukamwa usagwire chiwongolero, ndalama ya takisi yobwerera ku Chilomoni uiike m'thumba lina usanatsegule botolo loyamba.

Ndine Ankolo anu.