Timu ya zimphona zokhazokha, koma ikungodyedwa

Imelo yanu, achimwene a ku Rosettenville, ndinaiwerengera mu takisi pa Bree tikudikira kuti idzaze, ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandiyang'ana cham'mbali. Sindimaseka inu ayi. Mwati timu yanu ya Pokémon, gemu ija yomenyanitsa zilombo, ili ndi Garchomp, Dragonite, Salamence, Tyranitar, Charizard ndi Gengar, mumamenya nkhondo za awiriawiri zija, koma mukungoluza, ndiye ndikuuzeni chilombo china champhamvu choti mulowetse. Kumapeto mwalemba kuti ndisakuuzeni zokopera timu ya munthu wina chifukwa kumeneko n'kubera. Mawu omalizawa ndi amene andikhazika pansi usiku uno, poti ineyo ndinawayankhulapo, omwewo ndendende, ndili ndi mtima wonse.

Ine gemuyi ndinaidziwa mu 2020, nthawi ya lokodauni. Lesitilanti imene ndimagwirako ntchito cha ku Randburg inatseka kumapeto kwa Malichi, ndipo tinatsala anthu atatu m'chipinda chimodzi ku Turffontein, kungoyang'anizana ngati nkhuku za m'khola. Mwana wa achemwali anga, wobadwira konkuno ku Joni, Chichewa chake chosakaniza ndi Chizulu, ndi amene ananditsegulira Pokémon Showdown pa foni. Ndi webusaiti yaulere, sufunika makina a gemu a Nintendo Switch, umangosankha zilombo zako n'kuyamba kumenyana ndi anthu a kulikonse. Mnyamatayu nthawi imeneyo anali ndi zaka 13. Amanditchula kuti malume, ndipo mwina ndi liwu lokhalo limene zinenero zake ziwiri sizilimbirana.

Ndinachita zimene mwachita inuzi. Ndinatsegula mndandanda, n'kuyang'ana manambala aakulu, n'kutola zoopsa nkhope zokhazokha. Garchomp ndinamukonda tsiku loyamba lomwelo, shaki yoyenda pamtunda, ndipo mpaka lero sanachoke mu timu yanga. Mwana uja anabwera ndi chiyani? Bowa. Amoonguss, kachinthu koyenda pang'onopang'ono kokhala ngati ambulera yothyoka. Ndinamuseka kuti kwathu ku Zomba zimenezo timazula nthawi ya mvula n'kudyera nsima. Iye phee. Ulendo woyamba bowa uja anagoneka Garchomp wanga tulo ndi Spore. Wachiwiri anachita Rage Powder, ndiye nkhonya yomwe ndinalozetsa kwa mnzake inakhotera kwa iye, n'kuipirira. Apo mnzakeyo akungodula anyamata anga mmodzimmodzi mosatekeseka. Tinamenya kasanu. Kasanu konseko ndinagonja kwa bowa.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinamufunsa kuti timuyo waitenga kuti, anati anaiona kwa munthu wina pa YouTube. Pamenepo ndi pomwe ndinati, "Basi ndiye wabera, si nzeru zako." Anangoyankha kuti, "Malume, tengani inuyo timu yomweyi, ine nditenge yanu." Tinasinthana. Anandichinyanso.

Zinanditengera miyezi kuti ndivomere tanthauzo la tsiku limenelo, ndipo pakati pake panachitika china chochititsa manyazi kuposa. Patapita nthawi ndinamva kuti aliyense wodziwa ali ndi Incineroar, ndinamulowetsa, n'kumuika pambali pa Garchomp. Gemu ikuyenda bwino, mdani watsala ndi awiri, ine mtima uli m'mwamba, ndinadina Earthquake, nkhonya yogwedeza nthaka. Sindinkadziwa, kapena ndinene kuti sindinkafuna kuwerenga, kuti pa awiriawiri Earthquake imagunda aliyense amene waponda pansi, mnzako yemwe. Incineroar ndi wa mtundu wa Fire, ndipo nkhonya za mtundu wa Ground, monga Earthquake, zimamupweteka kawiri. Ndinapha wanga ndi dzanja langa. Adani aja wina anadzitchinjiriza ndi Protect, winayo anali wouluka, onse osakhudzidwa n'komwe. Munthu uja analemba kuti "gg", mawu otsanzikira pamapeto pa gemu, gemu isanathe, ndipo ndinazimitsa foni n'kukatsuka mbale zomwe zinali zotsukatsuka kale.

Ndiye ndikuuzeni mosapsatira: vuto lanu si kusowa chilombo champhamvu. Muli nazo zambiri mopitirira. Mwalemba timu ya osewera kutsogolo okhaokha, palibe goloboyi, palibe wotchinga kumbuyo, palibe wopatsira mpira. Ngakhale Bullets kapena Manoma atalowa m'bwalo ndi omwetsa zigoli 11, angatuluke atanyamula zigoli m'thumba. Mu malamulo a mipikisano ya Pokémon, otchedwa VGC, zilombo zonse zimamenya pa levulo 50, umabwera ndi zisanu ndi chimodzi n'kusankha zinayi, ziwiri zili m'bwalo nthawi imodzi. Funso silikhala loti wamphamvu ndani. Limakhala loti uyu akamamenya, mnzakeyo akumuchitira chiyani.

Anthu amene amatsutsa zimenezi ndimawakumbutsa za 2014. Mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Washington D.C., ndipo anapambana ndi Se Jun Park wa ku South Korea. Garchomp anali nayo mu timu, inde, koma amene anthu amamukumbukira mpaka lero ndi Pachirisu, kagologolo kamagetsi komwe manambala ake mungawaseke. Ntchito yake inali Follow Me, kudziitanira nkhonya zonse kuti anzake amenye mwamtendere. Magetsi olozetsedwa kwa mnzake Gyarados, amene amamupweteka kanayi, ankakathera kwa kagologoloko, komwe ndi ability (mphatso yachibadwa) yake ya Volt Absorb magetsi amangokhala ngati chakudya. Sikanali kongokongoletsa timu. Kanali pa ganyu, ndipo ganyuyo kanaigwira.

Tsono za kubera zija. Ndikamaganiza kwambiri ndikuona kuti maganizo amenewa ndi oipa kuposa momwe ndinkaonera poyamba, ndipo ndasiya kuwanyengerera. Ndi kunyada chabe, kovala jekete la chilungamo. Ine bawo ndinaphunzira pakhonde la agogo anga aamuna, ndipo palibe tsiku lomwe anandiuza kuti ndipeke ndekha katakatidwe kanga. Ndinkaonera momwe akuchotsera nkhomo, nthawi yomwe akuisunga nyumba ndi nthawi yomwe akuiphwasula, n'kumatsanzira osamvetsa, mpaka tsiku lina ndinamvetsa. Kukhitchini kuntchito n'chimodzimodzi. Palibe amene amafika tsiku loyamba n'kunena kuti sosi ndipanga mwa nzeru zanga. Umapanga ya abwana kokwana ka 100, kenako dzanja limadziwa lokha pomwe mchere wachepa. Eni gemu nawonso anaika dala njira yobwerekera matimu mu Scarlet ndi Violet, magemu a Pokémon a pa Switch omwe anatuluka mu Novembala 2022: umalemba kodi, timu ya munthu wina n'kubwera yonse. Kodi angaike khomo lakubera m'nyumba mwawo momwe? Timu yokopera siidzimenyera yokha. Mphwanga uja anandisonyeza zimenezo pondichinya ndi zilombo zanga zomwe.

Palinso nkhani ya nthawi, imene anzathu olemba malangizo ali ku Ulaya saiganizira. Ife kuno munthu umadzuka 4 koloko kuthamangira takisi, umabwera mdima utagwa, ndalama ina uyenera kutumiza kumudzi, data ndi yowerengera. Nthawi imene magetsi ankathimathima ija ndinaluza magemu angapo ndikupambana, netiweki itangogwa pakati pa nkhondo, wotchi ya gemu n'kundithera. Ndiye munthu wotere athe milungu itatu akulera chilombo pa Switch, kugula ma mint ndi ma bottle cap okonzera mphamvu zake, kenako n'kupeza kuti sichikugwirizana ndi anzake? Ayi. Yesani kaye pa Showdown, komwe kusintha chilombo ndi nkhani ya mphindi imodzi. Za Switch zibwere mutatsimikiza.

Ndipo musandimve molakwa, sindikunena kuti mutaye chomwe mumakonda. Alipo ena amene munthu akangotchula Charizard amayamba kumunyoza ngati wabwera ku ukwati atavala zigamba. Amenewo amanditopetsa kuposa oluza. Gemu ukuseweretsa data yako, pa foni yako, utatopa ndi ntchito ya tsiku lonse, ndiye usaikemo chimene chimakusangalatsa? Ikani. Koma chimodzi kapena ziwiri, ndipo zinazo zikhale zomutumikira.

Tibwerere ku timu yanu

Yang'anani Garchomp, Dragonite ndi Salamence. Onse atatu nkhonya za mtundu wa Ice zimawapweteka kanayi. Atatu omwewo, kuphatikiza Tyranitar, amaopa Fairy, ndiye Flutter Mane, chilombo cha Fairy, pomwe malamulo akumulola, amathamanga kuposa onsewo ndipo Dazzling Gleam yake imagunda awiri nthawi imodzi. Rock Slide nayo ikupweteka Dragonite ndi Salamence, Charizard ndiye kanayi. Mdani akaona mndandanda wanu gemu isanayambe amadziwiratu batani loti adine. Mitundu ilipo 18, koma inu mwaunjika mazira anu pa itatu yomwe ili ndi adani ofanana.

Ndikanakhala ine ndikanasunga Garchomp ndi Dragonite, poti Dragonite ndi wouluka, Earthquake simukhudza, mungaime nawo limodzi opanda mantha. Salamence atuluke, akugwira ntchito imodzi ndi Dragonite. Pamalo pake Incineroar: Intimidate imatsitsa Attack ya adani onse awiri akangolowa, Fake Out imalanda mmodzi ulendo wake woyamba, Parting Shot imamutulutsa kuti adzalowenso. Kungoti kumbukirani zomwe ndinamuchita ine. Amoonguss alowe, bowa yemwe uja, podziwa kuti Spore ndi Rage Powder sizigwira pa zilombo za Grass. Mufunikanso wa Steel, monga Gholdengo, woti azilandira Fairy, Ice ndi Rock, ngakhale nayenso Earthquake yanu amaiopa. Wachisanu ndi chimodzi akhale wa liwiro, Whimsicott ndi Tailwind, imene imachulukitsa kawiri Speed ya timu yonse kwa maulendo anayi. Charizard mukamufunitsitsa, alowe m'malo mwa Dragonite, nayenso ndi wouluka.

Protect ikani pa ambiri, osaiona ngati mantha. Mu Scarlet ndi Violet ma EV, mapointi owonjezera mphamvu za chilombo, onse ndi 510, ndipo stat imodzi (mbali imodzi ya mphamvu, monga Speed) sipitirira 252, ndiye poyamba ingoikani 252 pa kumenya, 252 pa Speed kwa omenya, za kuwerengera mozama zidzabwera. Item imodzi, kanthu komwe chilombo chimanyamula pa nkhondo, siiloledwa kawiri mu timu. Tera, njira yosinthira mtundu wa chilombo pakati pa nkhondo, ya Garchomp yesani Steel: Ice, Fairy ndi Dragon zomwe zimamupha zija zimasanduka zopepuka, ndipo mdani amakhala wataya ulendo.

Mukatero menyani magemu 20 osasintha kanthu, ngakhale mutaluza asanu otsatizana. Ine matenda anga anali kusintha timu gemu iliyonse ndikaluza, ndiye sindinkadziwa ngati walakwa ndi Garchomp kapena chala changa. Showdown imakulolani kusunga replay, kuti gemu yomwe mwamenya mudzaionerenso. Oluza ajawo muziwaonera m'mawa mu takisi, mtima utazizira, n'kulemba pa kapepala chilombo chimene chakuphani. Dzina limodzi likabwera katatu, chimenecho ndiye chofunika kuchipezera mankhwala, ndipo musinthe malo amodzi okha.

Mphwanga uja pano ndi mnyamata wamkulu, akuti gemuyi anasiya, ali pa za mpira wa pa PlayStation. Lamulungu lapitali ndinapita kwa achemwali ku Yeoville kukadya nsima ya chambo chouma chomwe wina anabwera nacho pa basi, ndipo ndinamuonetsa timu ya m'imelo yanu osamuuza kuti ndi ya ndani. Anaiyang'ana pang'ono, n'kundibwezera foni. "Malume, mwayambiranso?"