Kodi nkhope ya ku Mars inasemedwa ndi ndani?

Funso: Akonzi, mwana wanga wa Fomu 3 wandionetsa pafoni chithunzi cha nkhope ya munthu imene akuti ili pa pulaneti ya Mars, ndipo anzake akumuuza kuti inasemedwa ndi zolengedwa za kumeneko. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, chithunzicho n'chenicheni, koma nkhopeyo palibe anaisema. Chinajambulidwa mu 1976 ndi chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza zam'mlengalenga, chotchedwa Viking 1 m'dera la Cydonia, dzuwa litapendeka, moti mithunzi ya m'zigwembe za phiri inaoneka ngati maso ndi pakamwa. Chombo china, Mars Global Surveyor, chitajambulanso malowo mu 1998 ndi 2001 ndi kamera yamphamvu, panangooneka chitunda chamiyala chokokoloka. Tsiku lina mukamapita ku Dedza mudzayang'ane phiri la Ngala ya Pakamwa: thanthwe lija lili yasaa ngati likufuna kulankhula, koma palibe amati linabooledwa ndi mmisiri.

Chimene mwanayo akanadabwa nacho kwambiri ndi phiri la ku Mars komweko lotchedwa Olympus Mons. Ndi lalitali pafupifupi makilomita 22, kutanthauza kuti Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002, tingaisanjikize kasanu n'kawiri, ndipo m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 600, ngati ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerako. Linakula chonchi chifukwa chikhungwa cha Mars, gawo lake lolimba lakunja, sichiyenda. Kuno kwathu chikhungwa cha dziko chinagawika zigawo zimene zimasuntha pang'onopang'ono, choncho chiphalaphala chotentha chikamatuluka pansi chimaumba mapiri ondondozana, monga zilumba za Hawaii. Ku Mars chinkakhuthukira pamalo amodzimodzi kwa zaka mamiliyoni ambiri, chikuunjikana. Mphamvu yokokera zinthu pansi nayonso ndi yochepa kumeneko, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a yathu, motero phiri limatalika osatitimira ndi kulemera kwake.

Chakum'mawa kwa phirili kuli chiphompho cha Valles Marineris, chotalika makilomita 4,000, chimene akatswiri ambiri amati chinayamba ngati mng'alu pamene dera loyandikana nacho lamapiri la Tharsis linkatupa, kenaka zigumukire zinachikulitsa. Nyanja ya Malawi nayo ili mumng'alu, koma pamene iyo imazama mamita pafupifupi 700, chiphomphocho m'malo ena chimafika makilomita 7.