Funsani Amalume: Kodi Big Dipper imaoneka kuno ku Blantyre?

FUNSO: Amalume, msuweni wanga amakhala ku Manchester ndiye daily amangondiuza za nyenyezi 7 zotchedwa Big Dipper, akuti kwawoko ukangotuluka panja usiku ndi zimenezo. Ine Okutobala yense ndakhala ndikuyang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa koma olo kuziona. Kodi kuno zimaoneka kapena ndi za kwa azungu konko basi? Mnyamata wa ku Ndirande.

YANKHO: Mphwanga, zimaoneka ndithu, koma Okutobala ukanachezera olo mpaka atambala sukanapindula kanthu, nthawi imeneyo nyenyezizi zimakwera masana dzuwa lili phwee. Msuweni wakoyo sakunama ayi, ku Manchester sizilowa chaka chonse chifukwa ali kumpoto kwenikweni. Ife Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, ndiye zimangosuzumira mmunsi kumpoto kwa maola ochepa kenako n'kubwerera.

Nthawi yake ndi Epulo mpaka Juni. Kumapeto kwa Epulo zimafika pamwamba pake cha m'ma hafu pasiti 9 kapena 10 koloko usiku, kumapeto kwa Meyi cha m'ma hafu pasiti 7 mpaka 8, poti mwezi uliwonse zimafulumira ndi maola awiri. Ine ndimakonda Meyi, mvula yatha, fumbi ndi utsi wa lupsa sizinayambe, komanso chiperoni cha Juni chija chisanatiphimbe ndi nkhungu zake. Ngati mtima sukupirira dzuka cha m'ma 4 mbandakucha mu Januwale, koma ndi dzinja limenelo, mitambo ndi imene idzalamule.

Vuto lako lina ndi phiri. Amene muli kunsi kwa phiri la Ndirande mbali ya kumpotoyo ndi yotchingika, ndipo nyenyezizi sizikwera kuti zifike pa liwombo ngati mmene umayang'aniramo iwe. Tambasula mkono, kunga chibakera, chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Nyenyezi yotsika kwambiri, Dubhe, imangokwera chibakera chimodzi ndi pang'ono, yokwera kwambiri, Alkaid, zibakera ziwiri ndi hafu basi. Ndiye mtengo wa mango umodzi kapena denga la aneba likhoza kukubisira zonse. Pita kumene kumpoto kuli poyera, cha ku Chileka kapena ku Lunzu ngati kuli wachibale wokagonako, sankha usiku wopanda mwezi, ndipo magetsi akathima usadandaule tsiku limenelo, tuluka panja. Osayenda wekha mumdima foni ili m'manja, a malume ako sindikufuna nkhani.

Kumpoto ukudziwa bwanji? Kampasi ya pafoni ilipo, koma njira yomwe imandisangalatsa ine ndi iyi, peza kaye Southern Cross, kamtanda ka nyenyezi kowala kali kummwera kaja, ambiri timakadziwa. Kakaima chilili, kapatse msana. Big Dipper ili patsogolo pako nthawi yomweyo, ziwirizi zimafika pamwamba limodzi.

Apa ndiye pomwe anthu amasokonekera, zithunzi za pa intaneti zimaonetsa ngati poto wokhala ndi chogwirira ali bwinobwino, koma kuno potoyo ndi wovundikira, kukamwa kwake kuloza pansi. Nyenyezi 4 za potoyo zili kumanzere, 3 za chogwirira kumanja zikukwera mokhota. Ndipo ndi chachikulu heavy, kuchoka uku kufika uko ndi zibakera ziwiri ndi hafu, osamasaka kanthu kakang'ono. Mwina uyamba waona 6 zokha, ya polumikizira poto ndi chogwirira, Megrez, ndi yofooka, dikira maso azolowere mdima osayatsayatsa foni.

Ukazipeza yang'anitsitsa nyenyezi yapakati pa chogwirira, dzina lake Mizar. Pambali pake penipeni pali kena kakang'ono, Alcor, kokhala ngati kamatirira. Anthu akale ankayesera maso pa kameneka, ndiye ukakaona popanda mandala maso ako ali boo. Kenako tsatira kukhota kwa chogwiriracho kukwera nako kumwamba, ukafika pa nyenyezi yowala kwambiri yofiirira, Arcturus, apo wadziwa kuti sunasochere.

Msuweni wako akuuzanso kuti Merak ndi Dubhe, ziwiri za kumapeto kwa poto, zimaloza Polaris, nyenyezi ya kumpoto. Nzoona zimaloza, koma kuno zikuloza pansi, Polaris ili madigiri pafupifupi 15 kunsi kwa pomwe thambo limathera, olo ukwere pamwamba pa Michiru suiona. Akayamba kukunyadira nayo umufunse ngati anaonapo Southern Cross ali ku Manchester, kumeneko situluka n'komwe.