Funsani Alangizi: Ulusi wachikasu wandithera heji

Funso:
Zikomo alangizi, ine vuto langa ndi ili. Pa heji yanga ya duranta panamera kachinthu kachikasu kangati ulusi, kopanda ndi tsamba lomwe, pano kakuta heji yonse mpaka kalowa kudimba kayamba kukulunga tomato ndi anyezi. Timakachotsa ndi ana Loweruka lililonse koma sipatenga nthawi kabwereranso, chodabwitsa muzu wake sitiupeza. Aneba akuti ndingopopera mankhwala ophera udzu aja a Roundup. Nditani?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho:
Mayi, muzuwo musavutike nkuufuna, palibe. Chomera chimenecho pa Chingerezi amati dodder, akatswiri amati Cuscuta, ndipo khalidwe lake ndi la kaufiti uja amavutitsa m'chimanga, kungoti kaufiti amaba chakudya pansi ku mizu pomwe ichi chimaba pamwamba. Njere yake imamera m'dothi inde, koma kamphukira kakangogwira chomera chinzake kamazungulira nkuboola khungwa ndi timano tating'onoting'ono, kenako kamuzu kamene kanamera nako m'dothi kamauma, basi kuyambira pamenepo madzi ndi chakudya chonse chikuyamwa mu duranta wanuyo.

Nde mukuona chifukwa chake ana aja akungotopa ulele? Mukakoka ulusi timano tija timatsala mkati mwa nthambi nkuphukanso, komanso tizidutswa tikagwera pa chomera china timagwira pompo, moti kukoka kuja nthawi zina nkumene kukuchifalitsa.

Chofunika ndi kudula nthambi yeniyeniyo, mmunsi mwa pomwe ulusi wagwira. Poti mwati heji yonse yakutidwa, limbani mtima muidule ndi chikwanje mpaka kutsala ziputu, duranta ngolimba aphukanso mvula ikagwa. Tomato ndi anyezi amene wakulungidwa kale zulani, ndikudziwa zimawawa koma kumusiya nkuwetera mdani. Zodulazo musazikokere pansi kudutsa nazo m'dimba, ikani m'thumba pomwepo, zikauma otchani. Pa kompositi ayi, kudzala ayi, ndipo mbuzi musapatse chifukwa njere zimatuluka zamoyo mu ndowe nde mudzazibwezanso nokha ndi manyowa.

Changu chikufunika apa. Yang'anitsitsani ngati payamba kuoneka timaluwa toyera tounjikana, pakuti tikangobereka njere nkugwa, njerezo zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa 10 zikudikira. Mukadula isanafike nthawi imeneyo ntchito mwaichepetsa kwambiri.

Za Roundup zija, aneba sananame kuti amapha, koma sasankha, apha ulusi pamodzi ndi heji ndi tomato yemwe, ine pakhomo poti pali ndiwo komanso ana sindingakulimbikitseni. Chikwanje ndi moto zikwanira.

Kudimbako chaka chino pamalo pamene panagwidwapo musabzalepo tomato, anyezi, karoti, mbatatesi kapena nyemba, zonsezi chimazikonda. Bzalanipo chimanga kapena mapira, mbewu za mtundu wa udzu sichizigwira, ndiye kamphukira kakamera nkusowa pogwira kamafa pakangopita masiku ochepa. Koma palirani mwakhama, chifukwa chisoso ndi bonongwe womera yekha akhoza kuchisunga mpaka chaka chamawa. Mvula yoyamba ikagwa muziyendera malowo pafupipafupi, mukaona kaulusi kakutuluka m'dothi palani ndi khasu kasanagwire kanthu.

Chinanso, aneba omwe akukupatsani malangizowo kaoneni heji yawo. Ngati nawonso chilipo gwirizanani mudule tsiku limodzi, apo ayi chidzangodumpha mpanda nkubwerera. Ndipo ana muwauze asamaseweretse ulusiwo nkumaponyera pa mitengo, komanso pogula mbande za maluwa m'mbali mwa msewu muziyamba mwaziyang'ana bwinobwino musanalowe nazo pageti.