Cvstodia, dziko lomwe anthu amalapa koma osakhululukidwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina woimba kwaya ku parishi ya kwawo. Akuti wasewera gemu ya pakompyuta yotchedwa Blasphemous, imene nkhani yake imachitikira m'dziko lopeka la Cvstodia, masiku atatu ndipo mtima wake suli m'malo. Funso lake ndi ili: "Kodi dziko la Cvstodia ndi lotani kwenikweni? Ndikuonamo makolona, masisitere ndi anthu odzikwapula. Kodi amene anaipangawa sakunyoza mpingo wathu?"

Achimwene, mwafunsa bwino, ndipo nkhawa yanuyo sindikuipeputsa. Inenso tsiku loyamba ndinaima kaye pamene munthu amene umamuyendetsa uja, The Penitent One, atangopha chimphona choyamba anavula chisoti chake chosongoka, nakhetseramo magazi a chimphonacho, n'kuchivalanso, magazi ali chuchuchu kutsika m'khosi. Ndinadzifunsa funso lanu lomwelo.

Tiyambe ndi amene anaipanga. Gemuyi inatuluka mu 2019, ndipo inapangidwa ndi kampani ya The Game Kitchen ya mumzinda wa Seville ku Spain. Zimenezi n'zofunika, chifukwa Seville ndi kuchimake kwa miyambo ya Sabata Loyera. Chaka ndi chaka magulu a akhristu amayenda m'misewu atasenza ziboliboli za Yesu ndi Amayi Maria, atavala mikanjo ndi zisoti zazitali zosongoka zotchedwa capirote, ena osavala nsapato. Chisoti cha mu gemu chija n'chochokera kumeneko. Choncho si alendo amene anasuzumira pawindo la tchalitchi n'kuyamba kuseka. Ndi ana akomweko, amene akula akumva fungo la lubani ndi kulira kwa ng'oma za m'misewu imeneyo.

Tsono Cvstodia yo. Dziko limeneli lili m'manja mwa mphamvu yosaoneka imene amaitcha The Miracle, tingoti Chozizwitsa. Chiyambi chake ndi mnyamata wina amene analemedwa ndi kulakwa kwake mpaka anapempha kumwamba kuti alangidwe. Pempho lake linamveka. Thupi lake linapotoka n'kulukana ndi mtengo umene anakhalapo, ndipo anthu anayamba kumupembedza, kumutcha The Twisted One. Kuyambira pamenepo, kulakwa kumene munthu wasunga mumtima kumatulukira pathupi. Wina amamera minga, wina amasanduka chilombo, wina amakhala ndi bala losapola, ndipo onse amati ndi dalitso.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu Cvstodia muli kulapa kochuluka zedi, koma mulibe amene amanena kuti "pita mumtendere, machimo ako akhululukidwa." Inu mukalowa kwa bambo mfumu kukalapa, mumatuluka mutapepukidwa, n'kubwerera kunyumba kukadya nsima. Anthu a ku Cvstodia satuluka. Iwo amadziwa kupempha chinthu chimodzi chokha, ululu, ndipo Chozizwitsa chimawapatsa mosaumira. Ngakhale lupanga limene mukugwira lija, Mea Culpa, dzina lake ndi mawu a Chilatini a m'pemphero la kulapa la pa Misa, pamene timadziguguda pachifuwa kuvomera kuti kulakwa ndi kwathu. Ngati munaonetsetsa poyambirira penipeni, mayi wina akudziguguda pachifuwa ndi kachiboliboli, ndipo kachiboliboliko kakusanduka lupanga n'kumubaya. Pemphero lasanduka chida.

Nkhani imene imandikhudza kuposa zonse ndi ya mayi wa nkhope yopserera, Our Lady of the Charred Visage, amene mukakumane naye kunyumba ya masisitere pamwamba pa mapiri ozizira. Anali mtsikana wokongola kwambiri, dzina lake Aurea, moti anthu anayamba kumulambira ngati woyera. Pokana zimenezo, anadzithira mafuta owira kumaso. Bala lake silinapole, ndipo masisitere amene anamutsatira anayamba kudziwotcha nawonso. Taganizani: iye anadziwotcha kuti anthu aleke kumupembedza, koma mapeto ake anapembedza balalo. Mukamamenyana naye ndi chinkhope chachikulu chodzaza sikirini, mbali ina yophimbidwa ndi golide, ubongo uli pamtunda. Ine ndinafa kangapo pamenepo chifukwa maso anga anali pa nkhopeyo, osati pa manja ake.

Ndipo nkhaniyi sanaipeke yonse. Ku Seville kuli mbiri yakale ya María Coronel, mayi wa m'zaka za m'ma 1300, amene amati anadziwotcha kumaso ndi mafuta pothawa chilakolako cha mfumu Pedro I. Thupi lake limasungidwa kunyumba ya masisitere ya Santa Inés mumzindawo, ndipo limaonetsedwa kwa anthu pa 2 Disembala chaka chilichonse. Chilombo china chotchedwa Ten Piedad mukachipeza chitagona pamiyendo pa chiboliboli cha mayi, mofanana ndi chosema chotchuka cha Michelangelo cha Amayi Maria atanyamula mtembo wa Yesu. Pamenepo ndikuvomereza kuti mkhristu akhoza kumva kuwawa. Ine ndinamva.

Za utsogoleri wa mpingo wa m'dzikomo ndingonena mwachidule, poti simunafikeko. Mkulu wake ndi His Holiness Escribar, wokhala m'tchalitchi chachikulu cha Mother of Mothers. Iyeyu anatembenuza mpando wake n'kufulatira anthu ake. Anasanduka mtengo waukulu umene unayaka masiku 90, n'kusiya phiri la phulusa, mpando uja uli pamwamba. Onse amene anayesa kukwera anamezedwa ndi phulusalo n'kutulukamo ali zilombo. Ambiri mwa adani amene mukuwadula ndi lupangawo anali anthu opemphera. Za mathero sindiulula, kupatula kuti alipo angapo, ndipo amene anawonjezedwa mu 2021 amaonetsa kuti kuseri kwa Chozizwitsa kuli ena amene amadyerera chikhulupiriro cha anthu.

Koma musathamangire kumenya zilombo zokhazokha. Bwererani ku Albero, kamudzi kafumbi kamene munadutsa koyambirira. M'nyumba ina muli kagulu kotchedwa Kissers of Wounds, motsogozedwa ndi Tirso. Odwala ali ngundangunda pansi, ndipo anthuwa akuwasamalira, kupsompsona zilonda zawo, kukupemphani kuti muwabweretsere zitsamba. M'dziko lonse lija ndi okhawa amene akaona ululu amafuna kuuchepetsa, osati kuukometsera. Ndikalowa m'chipindamo ndimakumbukira amayi a m'miphakati amene amayendera odwala atanyamula kabakuli ka phala. Opanga gemuyi akanakhala kuti cholinga chawo n'kunyoza basi, chipinda chimenechi sakanachiikamo.

Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi, sindikuona kuti akunyoza chikhulupiriro chanu. Dzina la Yesu mulibemo, mulungu wa ku Cvstodia si Mulungu amene mumamuimbira Lamulungu. Chimene achita n'kutenga zovala, ziboliboli ndi mapemphero a kwawo, n'kuchotsamo chifundo, kuti tione chotsalacho. Zili ngati Njira ya Mtanda imene ikafika pa malo a 14 imayambiranso pa malo oyamba, Pasaka osafika. Chikuwopsani si magazi ayi, koma kuti zinthu mumazidziwa bwino zikuoneka zopanda mwini wake.

Komabe ndisakunamizeni. Zithunzi zake n'zolemera, ndipo si gemu yoseweretsa ana kapena kuyatsa pabalaza agogo ali pomwepo. Ngati mukagwada kutchalitchi mukuona nkhope yopserera ija m'malo mopemphera, isiyeni kaye, palibe chimene mutaye. Ngati mupitiriza, muziwerenga mbiri yolembedwa pa kanthu kalikonse kamene mwatola, kaya ndi mkanda wa kolona kaya fupa la munthu wakufa, chifukwa nkhani zambiri za dzikoli anazibisa m'menemo. Mafupawo muzikapereka kunyumba yosungira mafupa ya pansi pa Albero. Mukafika kwa mayi wa nkhope yopserera, mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene mwamuonera inuyo.