Kodi AI ingandiuze ngati uphungu wanga ukuthandizadi anthu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amapereka uphungu pa chipatala china chaching'ono. Akuti pa tsiku amaona anthu ambiri: a nkhawa, ongoyamba kumene ma ARV, a mavuto a m'banja. Supavaiza wake amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera amangoona kaundula n'kumapita. Ndiye akufunsa ngati angamajambule zokambirana zake pa foni n'kuzipereka kwa ChatGPT, pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa za kompyuta) yomwe imayankha mafunso, kuti izimuuza pomwe akulakwitsa.

Mayi, funso lanu lili pawiri. Loti makina angayeze luso la mlangizi, inde, pa zinthu zina angathe. Loti mutenge mawu a anthu anu n'kuwaika mu ChatGPT, chonde musayerekeze.

Kudzikayikira kwanuko n'kwabwino, ambiri alibe. Mu 2012 Steven Walfish ndi anzake anafunsa alangizi 129 ku America kuti adziyerekeze ndi anzawo pa luso. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziika pansi pa mulingo wapakati, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse anati ali m'gulu la akatswiri 10 pa 100. Mu 2016 Simon Goldberg ndi anzake anatsata alangizi 170 ndi anthu oposa 6,000 amene ankawathandiza, n'kupeza kuti kukhalitsa pa ntchito pakokha sikuwonjezera luso. Zotsatira zinkatsika pang'ono zaka zikamapita. Chitseko chikatsekedwa mumatsala awiri, ndipo wothandizidwayo, makamaka kwathu kuno, adzangoti zikomo kwambiri ngakhale simunamuthandize kanthu.

Njira yakale yoyezera inali yoti munthu wophunzitsidwa amvere tepi ali ndi pensulo m'manja. Pa njira ya uphungu yolimbikitsa munthu kusintha mwa kufuna kwake, yotchedwa Motivational Interviewing, yomwe William Miller anaiyambitsa mu 1983 pothandiza anthu ovutika ndi mowa, pali muyeso wotchedwa MITI. Woyezayo amawerenga kuti mwafunsa kangati, ndi kangati pamene mwabweza kwa munthuyo zimene wanena m'mawu anuanu kuti adziwe kuti mwamumva. Mlangizi wabwino amabweza kawiri pa funso limodzi lililonse. Tiyerekeze bambo akuti, "Mankhwalawa ndatopa nawo." Wina amalumphira kuti, "Mwadumphitsa masiku angati? Simukudziwa kuti n'zoopsa?" Wina amati, "Kumwa tsiku ndi tsiku kwakulemerani." Woyambayo amapeza nambala yolemba mu kaundula, bamboyo n'kutseka pakamwa. Wachiwiriyo amamva nkhani yonse, mwina yoti kunyumba sanaulule ndipo botolo amalibisa.

Kuwerenga kotereku n'kumene makina amatha. David Atkins wa ku University of Washington, Zac Imel wa ku University of Utah ndi anzawo anaphunzitsa kompyuta ndi matepi ambirimbiri amene anthu anali atawayeza kale, ndipo pambuyo pake anatsegula kampani ya Lyssn ku Seattle. Mlangizi amatumiza tepi, n'kulandira lipoti la mafunso ake, nthawi imene analankhula iye ndi imene anamusiyira mnzakeyo. Ku Britain, kampani ya ieso, yomwe inkathandiza odwala a NHS (chithandizo cha zaumoyo cha boma kumeneko) pocheza nawo molemberana, inasanthula zokambirana pafupifupi 90,000. Lipoti lawo la mu magazini ya madokotala ya JAMA Psychiatry linaonetsa kuti pomwe nthawi yambiri inkapita ku njira zothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, odwala ankapezako bwino, pomwe macheza wamba akachuluka zotsatira zinkachepa.

Pamenepa pokha ndikuchenjezeni. Kafukufukuyo anali wa Angerezi olemberana pa kompyuta. Inu mukamuthamangitsa gogo osamufunsa za ku mudzi ndi za ana, chifukwa choti makina ati moni ndi kutaya nthawi, sabweranso.

Vuto lalikulu ndi khutu la makinawo. Asanayeze kanthu amayamba asandutsa mawu kukhala zolemba, ndipo akalakwitsa pamenepo zonse zotsatira zimapotoka. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Stanford wa mu 2020 anapeza kuti mapulogalamu asanu a makampani akuluakulu ankaphonya mawu 35 pa 100 a anthu akuda a ku America, pomwe kwa azungu ankaphonya 19. Chingerezi chokhachokhatu chimenecho. Whisper, pulogalamu yosandutsa mawu kukhala zolemba ya OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, inatuluka mu 2022 ili ndi zinenero pafupifupi 100, Chiswahili ndi Chishona zilimo, Chichewa mulibe. Nanga inu mumasakaniza Chichewa, Chingerezi, pena Chiyawo m'chiganizo chimodzi. Komanso mayi amene akuti mtima ukumuthamanga ndipo mutu ukuwawa, atawerama n'kumapinda nsonga ya chitenje, kenako n'kukhala chete, wanena zambiri zomwe sizilowa m'zolemba.

Za chinsinsi sindichulukitsa. Tepi ya munthu akufotokoza za HIV kapena nkhanza za mwamuna wake ikalowa mu pulogalamu yaulere yapita ku makompyuta a kunja, ndipo simungaibweze. Kufufuta dzina sikukwanira pa mudzi pomwe aliyense akudziwa amene mwamuna wake ali ku Joni. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo za umoyo zili m'gulu losamalidwa kwambiri. Onjezani apo kuti ChatGPT imakonda kuyamikira. Mu April 2025 OpenAI inachita kubweza zosintha zina chifukwa ChatGPT inkangovomera zilizonse. Mukaifunsa kuti "ndachita bwanji?" ikuuzani kuti ndinu katswiri.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Pezani mnzanu wa ntchito, mupange sewero la mphindi 10, iye akhale munthu wopeka wa vuto lopeka. Jambulani, mumvere, mulembe nokha mawu onse. Kulembako kokha kukuonetsani kangati mwamudula pakamwa. Kenako perekani zolembazo kwa AI ndi ntchito yopapatiza: iwerenge mafunso a inde kapena ayi, isonyeze pomwe mwapereka malangizo musanapemphedwe, ikupatseni njira ina yoyankhira chiganizo chimodzi chimene chinakuvutani. Muonenso nokha ngati yawerenga bwino, poti Chichewa cholembedwa imachimva mwa theka.

Sewero si njira ya osauka ayi. WHO ndi UNICEF ali ndi pulogalamu yoyezera luso la alangizi yotchedwa EQUIP, yaulere pa intaneti, momwe muli muyeso wa ENACT umene Brandon Kohrt ndi anzake anaupanga ku Nepal kuti uziyeza alangizi osakhala madokotala, ndipo umagwiritsa ntchito masewero omwewa. Sindikizani fomu ya ENACT, ndipo supavaiza akadzabweranso, asanatsegule kaundula, mupempheni akhale pansi aonerere sewero limodzi n'kukuchongerani.